Tsiku limene a sekeletale anakoka nafe khoka

Amuna anga anali mtsogoleri wa chipani chotsutsa boma, ndipo ndikanena zimenezi adzukulu amafa nazo kuseka, chifukwa iwo amangokumbukira nkhalamba yopanda mano akutsogolo. Manowo anawasiya kukampu ya akaidi. Poyamba anali mphunzitsi pamishoni ku Msumba. Boma litalamula kuti tonse tisiye minda yathu tikakhale m'mudzi wa nyumba za m'mizere, iwo anaimirira pamsonkhano n'kufunsa kuti, "Nanga chinangwachi chisamuka nafe?" Funso limenelo linawatengera kunkhalango zaka zingapo, akuti kukawongola mutu. Ine ndinawakwiyira kuposa mmene ndinakwiyira boma. Pakamwa panali pawo, koma ana ndinalera ndekha.

Pobwerako anapeza nkhondo itakula. Kumapiri a ku Maniamba kunali zigawenga, ku Metangula asilikali, ndipo anzathu ambiri anali atawolokera ku Likoma. Ife tinatsala. Zophunzitsa anazisiya, n'kutenga khoka la malume awo. Msonkhano uliwonse wosakhala wa chipani cholamula unali mlandu, koma khoka silikokedwa ndi munthu mmodzi. Choncho m'mawa anthu ankadzaza pamchenga, n'kumakambirana uku akukoka zingwe. Chipani chawocho chinalibe khadi, mbendera kapena mfuti. Chinkangofuna kuti tibwerere kuminda yathu, ndi kuti anyamata asamagwidwe ngati nkhuku kupita kunkhondo. Panalibe zovota ayi. Anthu anangoti amene analawa kale kampu ndiye atsogole. Kunyumba ndinkawaseka kuti, "Apulezidenti, tadzukani mukandiwazire nkhuni."

Kunena zoona, masiku amenewo ndinali wokondwa. Sopo kunalibe, mchere unkasowa, koma utaka unali pathandala, ana ankakhuta, ndipo amuna anga ankagona m'nyumba mwawo. Chimene chinkandidya mumtima chinali chakuti adzawatenganso, chifukwa ndi thupi lofooka lija sakanabwerako kachiwiri.

Tsiku lina m'mawa, khoka lili m'madzi, kunatulukira a sekeletale a chipani cholamula ndi amilisiya awiri onyamula mfuti. A sekeletalewo anali munthu wa kumtunda, wolima chimanga, wosadziwa za kunyanja. Amilisiyawo anali ana a konkuno.

"Kamalada, msonkhano wanu wathera pano," anatero a sekeletale kwa amuna anga, powatchula monga ankatchulirana a chipani chawo. "Tipitira limodzi ku Metangula."

"Ndamva, bwana," anayankha amuna anga. "Koma khoka likakhala m'madzi silisiyidwa. Likakodwa pamiyala, mudzi wonse ugona ndi njala. Tiloleni tilifikitse kumtunda."

Tsikulo khoka linali lolemera, ndipo chingwe cha mbali yathu, kumene kunachuluka azimayi, chinayamba kutithawa m'manja. Mantha ndi ukali zinandikwera pamodzi, ndipo ndinakalipira alendowo: "Inu, mwangoti chilili pamenepo, manja mulibe?" Amilisiya aja anatsamiritsa mfuti pabwato n'kuthamangira chingwe. A sekeletale, poona maso onse ali pa iwo, anavula nsapato n'kugwira kumbuyo kwanga. Ankakoka ndi mikono m'malo mwa msana, ndipo anandiponda chidendene kangapo, koma anakoka ndithu.

Khoka linafika lodzaza. Apa m'pamene munthu wa kumtunda anazindikira chimene wachita. Kwathu kuno, wogwira chingwe amakhala mnzako wa khoka tsiku limenelo. Amalandira gawo lake la nsomba, ndipo kukana gawolo n'kutemberera khokalo. Komanso sungalandire ndiwo kudzanja la munthu kenako n'kulimanga chingwe. Amuna anga anagawa monga mwa masiku onse. Amilisiya analandirira utaka wawo m'malaya, ndipo a sekeletale anaikidwa chambo chachikulu m'manja mwawo, momwe munali mutatuluka kale matuza.

A sekeletale anayang'ana amilisiya n'kuloza amuna anga ndi chibwano. Mmodzi wa anyamatawo anawerama n'kuuza bwana wakeyo kuti, "Shefi, ife takoka nawo. Mayi anga akamva kuti ndawamanga, sindilowanso m'nyumba."

A sekeletale anayang'ana chambo chija, chomwe chinali chikuphiriphithabe. Nawonso kunyumba kwawo kunali ana, ndipo kusitolo ya boma kunalibe kanthu. Potsiriza anati, "Akandifunsa, ndikanena kuti ndinapeza anthu akupha nsomba." Anatola nsapato zawo n'kumapita.

Atangokhota kuseri kwa bango, anthu anayamba kululutira ndi kuitana mtsogoleri wawo kuti alankhule. Ine ndinacheuka kuyang'ana amuna anga. Anali atakhala pansi m'madzi momwemo, misozi ili mbwembwembwe. Ndinaima patsogolo pawo n'kutambasula chitenje changa ngati ndikuchikutumula mchenga, ndipo sindinachitsitse mpaka anatha kuimirira okha.