Nyale ya azakhali a Tusekile

Agogo anga aamuna sindingawakumbukire popanda fungo la mtovu wosungunuka kundibwerera m'mphuno, losakanikirana ndi utsi wa ndowe zimene ankatentha m'khola pothamangitsa udzudzu. Ankakhala pakhonde kwathu ku Karonga, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, kachitsulo kowotcherera kali pa mbaula ya makala, nthochi zikupsa pambali pake mpaka kuda osaziona. Adapuma pa ntchito yokonza mawaya a lamya, koma manja awo sadamve zoti apuma.

Chaka china ankapanga kanthu ka mwana wawo wotsiriza, azakhali a Tusekile. Azakhaliwo adagontha ali aang'ono atadwala malungo, ndipo tsopano ankakwatiwa ku Rumphi ndi kalaliki wina wapaofesi yokhala ndi lamya. Agogo chidawavuta mumtima. Ana awo ena onse ankatha kuwaimbira kuchokera pasitolo ya mnzawo ku boma, nanga uyu?

"Khutu lakana, koma diso lilipo," ankatero.

Adatenga kathabwa kopyapyala, nkukaboola timabowo, nkusomekamo tizipangizo tochotsa m'mawailesi akufa, tina tonga nyemba, tina ta mizeremizere. Pamwamba adaikapo babu la tochi. Iwo akadina batani pa kabokosi kena, kankalira kuti piii, kulirako nkudutsa m'lamya, ndiye kathabwa kaja kakakumva babu nkuyaka. Kuyaka pang'ono ndi kuyaka nthawi yaitali, adagwirizana ndi azakhali matanthauzo ake. Ankayesera pa zigoba ziwiri za lamya zakale zolumikiza ndi waya, chimodzi kuchipinda, china pakhonde. Mlendo akatulukira ankavundikirapo dengu msangamsanga, poti masiku amenewo, kufupi ndi malire chonchija, munthu wosewera ndi mawaya ankatha kufunsidwa kuti akulankhula ndi yani.

Poyamba kankagwira bwinobwino, ine ndidaona ndi maso anga. Koma ukwati utayandikira, kathabwa kaja kadapenga. Babu linkangophethira lokha, popanda wodina batani.

Ine chidwi chidandipha. Ndinkasiya mbale zili m'madzi nkukakhala chogwada pafupi nawo, mpaka amayi kundikuwira.

"Agogo, kodi mwina kalodzedwa?"

"Iwe, mfiti ya kuno ingadziwe pogwira? Bweretsa mabatire atsopano."

Mabatire sadathandize. Adawotchereranso mfundo iliyonse, nkumagogoda ndi chikhadabo. Adasintha babu. Adachotsa kachipangizo kamodzikamodzi, kukanunkhiza, kukanyambita miyendo, nkuikapo kena, mpaka wailesi ya agogo aakazi idapita nsembe.

"Bambo inu, nkhani za maliro tizimvera pa babu lanulo?" adalalata agogo aakazi.

Agogo aamuna adangopitiriza kuwotcherera. Chodabwitsa nchoti masana kathabwako kankakhala phee ngati kachira, koma m'mawa ndi chakumadzulo misala nkuyambiranso. Adaganiza za chinyezi, nkukayanika padzuwa ngati usipa. Adaganiza za kutentha, nkukakupiza ndi lichero. Zonsezo ayi ndithu. Tsiku lina ndidawapeza atangogwira tsaya, ndipo adandiuza motsitsa mawu kuti, "Akapita mwanayu, ndiye kuti ndamuika m'manda ali moyo." Ndidachita mantha, chifukwa ndinali ndisanawamvepo akulankhula chonchi.

Madzulo ena ng'ombe zikulowa m'khola, azakhali adakhala pamphasa akusankha mpunga, maso ali pa babu lija. Mwadzidzidzi adasiya lichero, nkuwagwira agogo paphewa, nkuloza kukhola. Kunali ng'ombe yaikazi yofiira, imodzi mwa za malowolo awo, zimene akuchimuna adabwera nazo masiku omwewo. Idabwera ndi belu lake m'khosi. Azakhali adagwedeza mutu wawo motsanzira ng'ombeyo, kenako nkutambasula zala ngati babu likuyaka. Ng'ombe idapukusa mutu kuthamangitsa ntchentche, babu phethi. Idapukusanso, babu phethi.

Agogo adathamangira kukhola opanda nsapato, nkuligwira belulo m'manja kuti lisalire. Babu lidazima. Atalisiya, lidayambiranso.

"Ehee! Ndiye wakhala ukundiimbira lamya ndiwe?" adaifunsa ng'ombeyo, akuseka mpaka kutsokomola.

Mabelu a ng'ombe zathu anali a mawu aakulu, koma ili linali la mawu aang'ono, ofanana ndendende ndi kulira kwa kabokosi kaja, ndipo masana linkakhala kutali kubusa. Ife a makutu tidabadwira m'mabelu, sitinkawamvanso nkomwe. Agogo adasintha kachipangizo kamodzi kuti kathabwako kazimvera mawu okwera kwambiri okha, nkukwezanso kulira kwa kabokosi, nkukulunga pomvera pake ndi chubu cha njinga. Azakhali adapita nako ku Rumphi katakulungidwa m'chitenje, pakati pa miphika.

Chaka chitatha uthenga udabwera woti agogo akadikire lamya kusitolo kuja, ndipo adanditenga pa njinga. Lamya italira, adaika khutu kudikira kulira kwa kabokosi ka azakhali, poti nawonso adawapangira kawo. M'malo mwake mudamveka kulira kwa khanda. Azakhali anali atamuika mwana wawo pakamwa pa lamya, kuti bambo awo amve chimene iwo sadzachimva.

Agogo adaiwala zonse. Adayamba kufuula mothokoza m'Chinkhonde, "Ndaga, mwanangu, ndaga!" mpaka mwini sitolo adawakumbutsa kuti kumeneko kulibe amene akumva. Adatulutsa kabokosi kawo, koma matanthauzo onse aja anali atawathawa m'mutu. Adangodina batani osalisiya, misozi ikutsikira m'ndevu.

Azakhali ali moyo, akalamba, ndipo masiku ano timalemberana pafoni ngati anthu ena onse. Ndidawafunsa ulendo wina kuti tsiku lija adaona chiyani. Adandilembera kuti babu lidayaka osazima, ndipo iwo adangokhala pansi, mwana ali pamiyendo, nkumaliyang'ana mpaka mabatire a bambo awo adatha.