Kandege kanu ka Typhoon, bambo a Tiyamike

Bambo a Tiyamike, lero ndikupukuta pawindo ndagwetsa kandege kanu kapulasitiki, phiko lathyoka. Ndakhala pansi osadziwa chochita. Munakagula pa shopu ya kaunjika kuno ku Middlesbrough, chaka chachitatu tikudikira yankho la mapepala athu opempha kukhala kuno ngati othawa kwawo, ntchito atatiletsa. Kanali m'tizidutswa, munakamata masabata awiri, magalasi ali pamphuno. Munandifotokozera kuti ndi Typhoon, ndege ya pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yomwe inkauluka m'munsi kuphwanya akasinja ndi sitima zapamtunda. Munati iyo ndi zinzake, Hurricane ndi Tempest, zonse anazitcha mayina a mphepo zamkuntho kuti mdani azinjenjemera asanazione.

Ine ndinati, “Kwathu timatcha mwana zimene zatigwera, eni dziko lino amatcha zimene akufuna kugwetsera anzawo.” Munaseka mpaka kutsokomola. “Ndiye mayi anga analakwitsa kunditcha Dikirani. Akanati Namondwe, bwenzi a ku ofesi ya mapepala aja atayankha kalekale!” Ndinakumenyani ndi kansalu ka mbale, osadziwa kuti chifuwa chimenecho ndi chomwe chidzakutengeni. Kalata yanu inafika mutagona m'manda miyezi iwiri. Anakukanani. Yanga sinabwerebe, ndipo loya wasiya kundiyang'ana m'maso. Kubwerera sindikukuopanso ngati kale, mwamuna wanga. Chondisowetsa mtendere n'chakuti tinalephera kukutumizani kumudzi, munagona kuno pakati pa alendo. Akandikweza ndege ine, adzakuzulirani udzu ndani?