Mpeni Umene Malume Sanandipatse

Unali mpeni wopinda, chogwirira chake cha nyanga ya ng'ombe, pamsana pake pali timizere titatu tocheka ndi tupa. Kuyambira ku Maganga mpaka ku Lifuwu, aliyense ankadziwa kuti timizere timeneto ndi dzanja la malume anga. Ankasula mipeni ndi zitsulo za masipuling'i a galimoto m'kachisakasa kuseri kwa nyumba yathu. Mpaka lero ndikamva fungo la nyanga yopserera, ndimakumbukira kachisakasa kameneko.

Malume sankagulitsa mpeni ngati tomato. Wofuna mpeni ankayamba watambasula dzanja, iwo n'kuyeza chikhatho chake ndi kamlaza, n'kumuuza kuti abwere Lachisanu. Woledzera ankamubweza. Mwana ndiye ayi ndithu. "Mpeni umafuna munthu woti mtima wake unazizira," ankatero. Wangawu, ndisaname, sunazizirebe.

Chaka chimenecho ndinali Sitandade 5. Mpunga unali utacha, mwera ukuwomba mpaka milomo kung'ambika. M'chisakasa muja munali mpeni watsopano wa mayi wina wogulitsa nsomba, ukudikira mwini wake. Ndinauponya m'thumba. Sindinkafuna kubaya munthu ayi, ndinkangofuna kuti anzanga amve mmene umalirira poutsegula.

Pa buleki mnyamata wina wamkulu anandiloza kabudula wong'ambika kumbuyo, amvekere, "Taonani mawindo a basi!" Atsikana anafa nazo. Zapakatipo sindizikumbuka bwino. Ndimangokumbukira magazi akutsika pamkono pake mpaka kuzala. Bala silinali lalikulu, koma aphunzitsi atandilanda mpeniwo anautembenuza, n'kuona timizere tija.

Mawa lake tinakhala pansi pa mtengo wa mango kusukulu: aphunzitsi, akomiti, bambo a mnyamata uja, amayi ndi malume. Aphunzitsi sanazungulire. Anati ngati mpeniwo ndinachita kuba, ndiye kuti ndine wakuba komanso wachiwembu, sukulu yathera pomwepo ndipo nkhani ipita kupolisi. Amayi anatseka pakamwa ndi chitenje.

"Sanabe," anatero malume. "Ndinamupatsa ndine."

Aphunzitsi anandiikira mpeni uja m'dzanja. Chogwirira chinatsala uku ndi uku, zala zanga sizinakumane n'komwe. Kenaka aphunzitsi anatembenukira kwa malume.

"Achimwene, inu paja mumayeza."

"Ulendo uno sindinayeze."

Bambo a mnyamata uja anakalipa kuti munthu wopatsa ana mipeni asasulenso m'dera lino, apo ayi akamumangitsa. Malume anangoti, "Ndamva." Tsiku lomwelo anathira madzi pamakala, mvukuto n'kuupachika kudenga. Munali makoswe, sunathe miyezi iwiri.

Lachisanu mayi wa nsomba uja anabwera n'kubwerera chimanjamanja. Iye ndi anzake anayamba kugula mipeni ya m'golosale, yonyezimira ija, imene ikakumana ndi mutu wa kampango imapindika ngati supuni. Akatidutsa panjira sankapatsanso malume moni wakale uja. Munthu amene anthu ankamutambasulira dzanja anasanduka "uja anapatsa mwana mpeni".

Malume anayamba kabaza, ndevu zili mbuu. Ndinkawaona akukankha njinga mumchenga, mtanga wa usipa kumbuyo, tianyamata tikuwakuwiza kuti, "Madala, palasani!" Sanandikumbutsepo ngakhale kamodzi. Bola akanandimenya. Ndipo sukulu ija, imene anandigulira ndi ntchito ya manja awo, ndinaisiya ndekha ndili Sitandade 7, nditatukwana mphunzitsi wina pa nkhani yoti lero sindingaikumbuke n'komwe. Anthu akandifunsa ndimati kunalibe ndalama ya yunifolomu. Bodza.

Koma tsiku la mlandu lija, pobwerera kunyumba, ine ndinali kudumphadumpha m'khwalala, mtima uli mbee. Ndinkaganiza kuti malume ayamba kukalamba, aiwala kuti mpeniwo sanandipatse. Amayi anali patsogolo, akulira chamumtima. Ndinathamangira malume n'kuwakoka malaya.

"Malume, nanga poti munandipatsa, aphunzitsi andibwezera liti?"