Tsiku Lomwe Tinazula Njanji Yapambali

Ntchito ya njanji sindinaifunefune. Nditalephera mayeso a Fomu 4 ndinkangokhala pa kasiteshoni kathu, kumunsi kwa Luchenza. Tsiku lina ndinamenyana ndi mnzanga pa bawo, ndipo amene anatileretsa anali a Makawa, kapitawo wa gulu lokonza njanji. Anandikoka malaya n'kunena kuti, "Mphamvu zomenyera anzakozi ubwere nazo mawa, udzamenye miyala."

Pamalopo panali njanji ziwiri: yaikulu yodutsa, ndi yapambali pomwe sitima inkapatukira n'kuima podikira inzake. Mudzi wonse unabadwira pa njanji yapambaliyo. Makolo athu atabwera kuchokera ku Mozambique anamanga pamenepo chifukwa sitima zamalasha zinkamwera madzi pa thanki. Sitima ikaima, amayi ankathamangira kumawindo ndi nthochi, nanazi ndi chinangwa chophika. Kenako kunabwera chigayo, telala, bala. Minda inali timizere chabe, poti tiyi anatenga malo kalekale. Munda wathu unali sitima.

A Makawa anandiphunzitsa kukweza njanji ndi jeke, kukhomera miyala ndi piki pansi pa masilipa, mitanda yomwe njanji imagonapo, ndi kuwongola njanji ndi mgwala. Koma chomwe sankanyengerera chinali mabawuti olumikizira njanji. Dzinja likatha tinkamasula bawuti iliyonse ndi sipanala yaitali, kuipala dzimbiri, kuipaka oyilo wakuda, n'kuimanganso. Magulu ena ankangothira oyilo pamwamba n'kumapita. "Bawuti yokana kumasuka ndi ulesi wa munthu," iwo ankatero.

Zinthu sizinafe tsiku limodzi ayi. Sitima ya anthu inayamba kubwera mwa apo ndi apo. Madzi osefukira atadula njanji kumunsi, inasiyiratu. Chigayo chinasamukira kumsewu wa tala, telala n'kutsatira. Otsala ankadzitonthoza ndi mawu amodzi: bola njanji yapambali ilipo, sitima idzaimanso. Ife tinapitiriza kupaka oyilo njanji yomwe pankagona mbuzi.

M'mawa wina kunafika lole ndi bwana wachinyamata wovala chipewa choyera. Anati njanji yapambali tizule, zitsulo zake zikufunika kwina. Mutu wanga unatentha. Ndinamufunsa ngati akudziwa kuti akukwirira mudzi wamoyo.

"Achimwene, musakalipire ine," iye anatero. "Inenso ndangotumidwa."

Amayi a m'mudzimo atamva anabwera n'kukhala panjanjipo, miyendo tambalale. Pakati pawo panali mayi a Fanesi, omwe anagulitsa nthochi pawindo la sitima kuyambira ali mtsikana. Anandiyang'ana n'kuti, "Iwe Lameki, nthochi zanga zotsala unkadya ndiwe. Lero wandibwerera ndi sipanala?"

Ndinayang'ana a Makawa, kuyesa kuti akana. Iwo anavula chipewa, anapepesa amayiwo, n'kugwada pa bawuti yoyamba, kutali ndi pomwe amayiwo anakhala.

Bwana uja anabwera ndi gasi wodulira zitsulo, poganiza kuti dzimbiri limusunga masiku ambiri. Mumtima ndinkati mwina m'masikuwo wina kulikulu asintha maganizo. Gasiyo sanamuyatse n'komwe. Mabawuti ankamasuka ngati kusenda nthochi yakupsa, mpaka ena kumalizitsa ndi zala.

"Koma gulu lino limasamala zinthu," bwanayo anatero akumwetulira. "Kwina tinavutika."

Apo m'pamene ndinamugenda ndi sipanala. Sinamupeze iyeyo, inaswa galasi la lole. Ntchito yanga inathera pomwepo, ndipo sindinapepese.

Ndinakhala pansi pa thanki n'kumaonerera anzanga akumaliza. Dzuwa lisanapendeke panatsala chitsulo chimodzi, chomwe anakhalapo amayi aja. Palibe anawathamangitsa. Anadzuka okha, anasasa zitenje, n'kumapita.

Lero ndimalondera pa esiteti ya tiyi. A Makawa anamwalira, mayi a Fanesi anatsatira mwana wawo ku Limbe. Pamalo paja pamera nsenjere, ndipo ana amati "pa Siteshoni" osadziwa kuti dzinalo linachokera kuti.

Achinyamata akandifunsa zomwe ndinaphunzira, sindiwanamiza. Gwira ntchito bwino ngati mtima wako ukufuna, koma usaganize kuti ukuteteza kwanu. Chinthu chomwe mwini wake ali kutali, ukamachisamala umangomukonzera tsiku lodzachitenga.