Chaka Chimene Thirakitala Sinabwere

Nyumba yanga ndi yomaliza m'mudzi mwathu, kumadzulo kwa Nsaru. Ukangodutsa nkhokwe yanga palibenso munthu, ndi udzu wokhawokha wautali kuposa ine, kutsetsereka mpaka kudambo. Malowo anandipatsa ndi amalume, ndipo amuna anga, pokhala mkamwini, anangoyamikira kuti pali kamphepo kabwino. Kamphepo kalipodi. Koma mu Okutobala, osaka mbewa akayatsa tchire, kamphepo komweko kamanyamula moto kulunjika kwa ine poyamba, ena onse pambuyo.

Kwa zaka zambiri sindinkadera nkhawa zimenezo. Moyandikana nafe muli esiteti ya fodya, ndipo mwini wake, mkulu wina wosalankhulalankhula, chaka chilichonse tikatha kukolola ankatumiza thirakitala kulima kamsewu kotchinga moto kuzungulira esiteti. Ikamaliza kwawo inkapitirira kuzungulira nyumba za matenanti ake, n'kudzazunguliranso mudzi wathu. Panalibe chikalata chilichonse. Ife tinkangopereka tambala, ndipo ng'ombe za esiteti zikasochera tinkathandiza kufunafuna. Tinazolowera mpaka kuiwala kuti moto umaopedwa. Ana athu ankaona ngati kamsewu kaja kamamera kokha.

Mkulu uja atakalamba anapita kukakhala kutauni, esiteti n'kutsala m'manja mwa mwana wake. Mnyamatayo anali waulemu zedi, woseka ndi aliyense, ndipo mawu akuti ayi sankawadziwa. Vuto lake linali lomwelo.

Amuna anga ndi mphunzitsi wopuma, mkulu wa mpingo, komanso kapolo wa wailesi. Chaka chimenecho wailesi inkangokamba za dziko lina lalikulu la kutsidya kwa nyanja, limene kwa nthawi yaitali linkateteza anzake ang'onoang'ono, koma tsopano linkati lero tili limodzi, mawa aliyense adzionere yekha. Bambowo nkhaniyi inkawakomera ngati nzimbe.

"Anagona tulo amenewa!" ankatero ali pakhonde, akumenya bondo. "Zaka zonsezi kudalira mfuti za mnzako? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mayi."

"Nanga thirakitala ija ibwera liti?" ndinafunsa tsiku lina, chifukwa Julayi anali atapita pakati.

"Imeneyo ndi nkhani ina. Mwana uja ndinamuphunzitsa ine Sitandade 4. Sangatichite chipongwe."

Anapita kukamuona atanyamula tambala wanga wofiira. Anabwerako akumwetulira, ati Lolemba. Lolemba linafika n'kupita. Anapitanso ndi tambala wachiwiri, n'kumva kuti dizilo wavuta koma sabata yamawa zitheka. Kenako tinamva kwa kapitawo kuti bwana wanena kuti kuteteza mudzi si ntchito ya esiteti. Lamulungu lotsatira bwana yemweyo anawagwira dzanja amuna anga panja pa tchalitchi, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, musadandaule, ndife amodzi." Akanangokana poyera bwenzi tikudziwa chochita. Koma ayi, tinangotsala m'malere, udzu ukuuma, atambala anga akutha.

M'nkhokwe munali chimanga chabwino kuposa zaka zonse zimene ndalima, chakudya cha ife ndi adzukulu atatu amene ndimasunga. Ndikayang'ana nkhokweyo, n'kuyang'ana udzu uja, mtima unkandiwawa.

Pano ndiyenera kuulula tchimo langa. Matenanti a pa esiteti, ambiri ochokera ku Mulanje, amatunga madzi pamjigo wathu, ndipo ine ndinali wapampando wa komiti ya mjigowo. Ndine ndinakhazikitsa lamulo lakuti eni mudzi azitunga kaye, obwera pambuyo. Panali mayi wina wamfupi, wa mawu ngati belu la kusukulu, amene tinakangana naye kangapo pa lamulo limeneli. Tsiku lina anandiuza pagulu kuti mjigo sindinabadwe nawo. Ine ndinamuyankha mawu amene sindingawalembe pano, poti ndine wa Mvano.

Ndiye mayi ameneyu ndi amene anthu anandiuza kuti ankagwira ntchito m'nkhalango ya paini kwawoko, ndipo kutchinga moto ndi makasu ankakudziwa bwino. Ndinazengereza masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinamanga chitenje n'kutsetsereka. Ndinamupeza akupeta nandolo pakhomo pa kanyumba kake ka udzu.

"Odi kuno!"

"Eee, amayi a kumjigo! Lero mwabwera opanda ndowa?"

Ndinafotokoza zonse, iye akupetabe osandiyang'ana. Nditamaliza anaika lichero pansi.

"Kodi mumaganiza kuti ife tikugona? Nyumba zathu ndi udzu kuyambira pansi mpaka pamwamba. Ifenso bwana watiuza Lolemba katatu. Koma tilipo mabanja ochepa, patokha sitingathe."

"Ndiye tithandizane, eti?"

"Tithandizane. Koma msewuwo uzungulire nyumba zathunso, osati zanu zokha. Ndipo kumjigo, wofika msanga atunge msanga."

Ndinkadziwa kuti afika pamenepo, komabe zinandibaya. Ndinavomera. Pobwerera ndinkadzitukwana njira yonse, ndipo azimayi anzanga atamva ananditukwananso, ati ndagulitsa mjigo. Ndinawafunsa kuti pakati pawo ndani amadziwa kutentha msewu wa moto osatentha mudzi. Nkhani inathera pomwepo.

Tinayamba ntchito kumapeto kwa Ogasiti. Mayi uja ndiye anali kapitawo wathu, ndipo udindowo unamukhala kwambiri moti ngakhale akulu a mpingo ankawakalipira. Tinkalambula mizere iwiri ndi makasu, kusiya udzu pakati, kenako m'mamawa mphepo isanadzuke tinkayatsa wapakatiwo pang'onopang'ono, anthu ataima uku ndi uku ndi nthambi zaziwisi. Ife tinkabweretsa thobwa, iwo nandolo ndi kalongonda. Tinkawaseka kuti nyemba zophika tsiku lonse ndi chilango, iwo n'kumatiseka kuti Achewa tikaona mbewa timaiwala kuti tili ndi nyumba. Pamenepo sitinatsutse kwambiri. Sindinaseke chotero kwa zaka zambiri, ndipo ndinadabwa kuona kuti anthu amene ndinkawaika kumapeto kwa mzere ndinali ndisanawadziwe ngakhale maina.

Patatha masabata awiri tinatsala ndi kachigawo kamodzi, kotalika ngati bwalo la mpira, pamalire a esiteti, kumtunda kwa nyumba yanga. Apa ndi pamene azibambo anakhala pansi n'kugamula nkhani yanzeru kwambiri. Amuna anga ndiwo anailengeza.

"Pamenepa tisiye. Tikamaliza ponse, bwana aona ngati tamunyoza. Akabwera ndi thirakitala apeze polima, asachite manyazi."

"Manyazi?" ndinakuwa. "Inu bambo, chimanga changa chipse chifukwa cha manyazi a mwana amene munkamupukuta mamina?"

"Mayi, munthu wamkulu sumutsekera khomo. Mawa tidzamufunanso."

Azibambo onse anagwedeza mitu, a m'mudzi ndi matenanti omwe, pakuti matenantiwo ankaopanso kukhumudwitsa wowalemba ntchito. Mayi wa ku Mulanje anangoti, "Moto sudziwa ulemu," n'kunyamula khasu lake. Ine ndinalumbira kuti ndikalambula ndekha, koma kenako kunagwa maliro, kunabwera ukwati wa mwana wa mchemwali wanga, ndipo kunena zoona nanenso kamtima kena kankati mwina thirakitala ibweradi.

Moto unabwera Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo. Ndinali kusenda mtedza pakhonde pamene ndinamva kuthetheka kudambo, n'kuona utsi wakuda ndi akabawi akuzungulira pamwamba pake. Unakwera chitunda mothamanga, n'kufika pa msewu wathu, n'kuima. Ndinalulutira! Koma sunazime. Unayamba kuyenda m'mbali mwa msewuwo ngati mbuzi yofunafuna pobowoka mpanda, ndipo pobowokapo tinali titausungira.

Nthawi yomweyo tinamva kulira kwa thirakitala. Amuna anga anadumpha, nkhope ili ngwee.

"Wabwera! Sindinanene ine? Wabwera!"

Anathamangira kumsewu akukupiza chipewa. Thirakitala inatulukiradi ikukoka thanki ya madzi, woyendetsa anatikwezera dzanja mwaulemu, n'kukhotera kuzigafa za esiteti. Bambowo anaima chipewa chili m'mwamba mpaka fumbi litatha. Anavula jekete, n'kuthyola nthambi ya mango, ndipo tsiku limenelo anamenya moto ngati mnyamata.

Koma a m'mudzi tokha sitikanautha. Moto unalowa pampata paja n'kutenga bafa, n'kutenga denga la chimbudzi, n'kuyamba kunyambita mapesi amene ndinaunjika pafupi ndi nkhokwe. Utsi unali wosaona nawo mnzako. Ndinkangothira ndowa paliponse ndikuitana Mulungu ndi amayi anga amene anamwalira kalekale. Kenako ndinamva belu lija kumbuyo kwanga.

"Musathire pamenepo, mukutaya madzi! Azibambo inu, denga! Chotsani denga!"

Mayi wa ku Mulanje uja anali atabwera ndi matenanti onse, amuna ndi akazi. Ndinayang'ana m'mwamba n'kuona kuti udzu wa padenga la nkhokwe wayamba kufuka. Amuna anayi analinyamula ndi mitengo n'kuliponya kutali, ndipo linangofika pansi n'kuyaka lonse. Ena anakokera mapesi kumbali, ena anapanga mzere wa ndowa kuchokera kumjigo, ndipo panalibe anafunsa kuti woyamba kutunga ndani. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinangozindikira kuti kwakhala bata, pansi pali bii, ndipo nkhokwe yanga yaima yopanda chipewa, chimanga chili mbuu mpaka pamwamba.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, tonse akuda ngati miphika. Wina analoza chimbudzi chopanda denga n'kunena kuti aphunzitsi tsopano aziwerenga nyenyezi ali momwemo, ndipo tinaseka mpaka kutsokomola. Amuna anga anaseka nawo, kenako anati, "Mpata uja ndinasiyitsa ndine. Pepani nonse." Pa zaka zonse za ukwati wathu mawu amenewo ndinali nditawamva kawiri kokha.

Mayi uja anakhala pafupi nane akuuzira dzanja lake, limene linali litatupa matuza. Ndinamubweretsera madzi m'beseni kuti aviikemo. Apo m'pamene nzeru zinandibwerera.

"Nanga kwanu? Moto wadutsa bwanji kumeneko?"

"Kaya."

"Kaya bwanji?"

"Sindinaoneko. Titaona kuti walowera kuno tinangothamanga. Msewu wa kwathu tinalambula bwino, ndinati ugwira. Kuno ndiye kunali pobowoka."

Ananena ngati akukamba za mtengo wa mchere. Munthu ameneyu zonse zimene anali nazo padziko zinali m'kanyumba ka udzu kaja, mabulangete, mbewu, makadi a kuchipatala a ana, ndipo anazisiya moto uli pafupi kuti adzapulumutse chimanga chimene sadzadya. Ndikanakhala ine sindikanatero, ndipo ndinadziwa zimenezo pomwepo.

Ndinamugwira dzanja labwinolo n'kumudzutsa. Tinatsetsereka tonse awiri kudutsa palupsa, phulusa likutentha kumapazi, azimayi akuluakulu kuthamanga ngati atsikana. Titakhota pachulu tinaziona: nyumba zonse zili chilili, moto utalekezera pamzere penipeni, nkhuku zikutola ziwala zopsa m'mphepete mwake.

Iye anaseka n'kuwomba m'manja, kuiwala matuza aja. Ine ndinakhala pansi pakhomo pake n'kuyamba kulira, ndipo anachita kundilowetsa m'nyumba kuti ana ake asandione.