Nyanga za gwape ndi nyama ya phwando

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene ndinachoka kwathu ku Mchinji kukakhala ndi amalume ku Germantown, kutsidya kwa nyanja. Ndinkawathandiza m'galaja, momwe ankakonzera alenje mitu ya agwape yopachika pakhoma.

Tsiku lina mlenje wina anabweretsa nyanga za gwape woyamba amene mwana wake wamkazi anapha. Zinali zisanakhwime, zokutidwa ndi kachikopa kaubweya, kofewa ngati mwanapiye. Amalume anandiuza kuti m'kachikopako muli magazi, ndipo kakangofunda kamaola n'kusupuka. Anazikulunga bwino n'kuziika m'firiji yaikulu, kudikira mankhwala ozibayira kuti zisaole.

"Zisatuluke m'menemu, Yamikani. Wamva?"

Lachisanu, amalume atachokapo pa ulendo, akazi awo, anti a ku Lusaka, anafika ndi nyama ya mbuzi ya phwando la kutchalitchi. Malo m'firiji anachepa.

"Iwe, chosako vinyanga ivi. Nyama ya bantu ionongeke chifukwa cha mafupa?"

Ndinapinda manja, maso pansi. "Anti, mwina... paja amalume..."

"Bakamba chani?"

"Ayi, palibe."

Kusukulu ya kumudzi anatiphunzitsa kuti mwana sabweza mawu kwa wamkulu. Palibe amene anatiuza chochita akuluakulu awiri akalamula zosemphana. Ndinatulutsa nyangazo ndi manja anga. Ndinaziika pamthunzi, ndinazifunditsa thaulo lonyowa, ndinazikupiza ndi katoni mpaka mkono kuwawa, koma galaja inali ng'anjo. Foni ndinaigwira n'kuisiyanso, poona kuti kuimbira amalume n'kuneneza anti. Mtima unkandiwira, osadziwa woti ndimukwiyire.

Amalume anabwera Lamlungu, ntchentche zitawatsogolera kale. Atakhudza nyanga imodzi, kachikopa kanatsalira pachala chawo.

Anti anagwira pakamwa. "Mwana iwe, sunakambe bwanji? Sembe napeleka nyama kwa neba!"

Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama. Njira inalipo, yapafupi chonchi.

Amalume sanakalipe. Anangonditukulira chalacho pamphuno. "Ulemu wako ndi uwu, ukununkhawu."

Mlenje uja anabwera ndi mwana wake. Mtsikanayo anayang'ana nyanga zosupukazo, n'kubwerera m'galimoto.

Manyazi ndidakali nawo, ndipo polankhula ndi akulu ndimapindabe manja. Koma tsopano ndikudziwa kuti munthu angathe kuyang'ana pansi n'kumalizabe mawu ake. Anti sankafuna kuti ndikhale chete tsiku lija. Ankafuna kudziwa zimene ine ndekha ndinkadziwa.