Tiki Zoboola za Atate

Amene anandibweretsera nkhaniyi ndi mlongo wanga wamng'ono Filipo, atabwerako kogulitsa kachewere ku Lizulu. Akuti kwafika bambo wina wogula ndalama zakale zasiliva. Zosowa amazisunga bwino, koma zopezekapezeka ndi zonse zoboola amangozipima pasikelo n'kukazisungunula. Filipo anati, "Achemwali, zija za m'chitini cha malemu amayi bwanji tingogulitsa zonse, tigule simenti ya chiliza cha atate?"

Mtima wanga unali utabwerera kwathu ku Biriwiri.

Ndikukumbukira atate akufika kuchokera ku migodi ya ku Joni, jasi lawo likununkhira fodya ndi sopo wachilendo. Ulendo uliwonse ankapeza mwana amene anabadwa iwo kulibe. Ankakhala pakhonde, n'kutulutsa tiki, kandalama kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukagwetsa pamwala. Kakalira kuti ngwiii, ankandimwetulira: "Wamva, Nangozo? Siliva sanama." Kenako ankakaboola ndi msomali, n'kukamanga pa ulusi m'khosi mwa khandalo. Ine kanga ndinkakayamwa mpaka ndinayamba sukulu, ndipo kuzizira kwake ndimakumvabe palilime.

Amayi atapita naye Filipo ku ubatizo, mkulu wa mpingo anakaona kandalamako. Anati n'chithumwa, mwana sabatizidwa, ndipo amayi ayambe aima pa mgonero. Amayi analira njira yonse. Atate sanakalipe. Lamulungu lotsatira anavala jasi lija, dzuwa likuswa mtengo, natiika ana tonse patsogolo ngati mbuzi zopita kumsika, mpaka pamaso pa akuluakulu.

"Abambo anga, nunkhizani ngati muli mankhwala umu," anatero. "Pansi pa mgodi kulibe dzuwa. Potsika ndinkauza Mulungu kuti mukanditulutsa wamoyo, mwana amene sindinamuone adzavala thukuta langa, adziwe kuti ali ndi bambo. Ndinatuluka. Tiki imeneyi ndi zikomo wanga."

Mkulu uja anaitembenuza tikiyo, n'kufunsa, "Nanga mwabooleranji pamutu pa mfumu ya azungu?"

"Mpamene panali pofewa."

Anaseka onse mpaka misozi. Filipo anabatizidwa tiki yake ili m'khosi, amayi osachotsedwa pa mgonero. Tsiku limenelo ndinawaona atate atatalika ngati mlombwa.

Ndinamufotokozera Filipo zimenezi, poti iye anali khanda. Ndinati, "Iwe, ubatizo wako unadzera pa bowo limeneli, lero ukaliponye pamoto?" Bambo wa ku Lizulu sindikumunena, ndi ntchito yake. Mashilingi osaboola, omwe anali m'thumba la aliyense, tagwirizana kuti apite akasungunuke, palibe tchimo. Koma tiki zathu zoboolazo, zomwe amayi anazisunga m'chitinimo titakula, zikhala. Simenti yotsalayo idikira kachewere wa chaka chamawa.

Masiku ano ndalama zimabwera pa foni, sizilira, sizinunkhira munthu amene wazivutikira. Filipo anasankha tiki yake n'kuigwetsa pakhonde panga. Inalira chimodzimodzi. Filipoyo, bambo wa imvi zake, anatembenukira kukhoma, akuti mwalowa kachitsotso m'maso.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha atate otere. Inu amene mwawerenga, mukagwada mutikumbukireko ife ana awo, kuti mvula igwe bwino, manda awo asagonenso chaka china opanda chiliza.